Zala Zinayi

Tinakwera m'mawa, nkhungu isanachoke pa Mulunguzi,
ine patsogolo, tochi pakamwa,
a Likaka pambuyo, bondo lawo likulira pa makwerero.
Chibowo cha siling'i n'chopapatiza ngati khomo la nkhunda.
Pansi Mayi Namalomba atukula mutu, manja m'chiuno.
Akufuna poika masutikesi a malemu amuna awo,
makope a ana amene anakula n'kupita,
ndi mashini osokera omwe anafa kalekale
koma mtima ukukana kutaya.

M'denga muli dziko lina.
Mileme yapachika tulo take pa phaso,
fumbi lagona ngati mgaiwa wosasefa,
ndipo pakati penipeni chumuni,
njerwa zoumbidwa bambo anga asanabadwe,
changodutsa osapereka moni, ulendo wa kumwamba.

"Ponda pa mtanda," akutero a Likaka,
"pakati apo ndi pepala chabe.
Mnzako Saizi anapondapo ku Kalimbuka,
anakapezeka pa tebulo la eni nyumba,
phazi m'mbale ya nyemba."

Tinayala matabwa a paini otsika ku Chawe,
akununkhabe utomoni,
limodzilimodzi, mopingasa mitanda.
Waya wa magetsi tinamulambalala,
pomwe wadutsa ndinalemba ndi pensulo
kuti msomali wa mawa usadzamulase.

Nditafika pa chumuni ndinafuna kuonetsa dzanja.
Ndinayeza, ndinadula, ndinapala,
thabwa linakumana ndi njerwa ndendende,
ngakhale nyerere sikanapeza njira.
Ndinakhoma misomali itatu,
n'kutembenuka, kudikira mawu abwino.

A Likaka anangogwira dzanja langa
n'kulisanjika pa njerwa.
Unali Juni, pansi mayi aja anali atasonkha moto.
Njerwa inali yofunda
ngati mphumi ya mwana wa malungo.

"Zula."

Ndinayang'ana thabwa langa lokongola.

"Zula, mphwanga. Thabwa silipsa tsiku limodzi.
Liuma chaka chino, liumanso chaka chamawa,
ndiye usiku wina wa chiperoni, anthu ali m'bulangete,
lidzakumbuka kuti ndi nkhuni.
Komanso ichi chili ndi mayendedwe ake:
chikatentha chimadzitambasula, chikazizira chimabwerera.
Denga nalo limapuma mwa ilo lokha.
Ukazimangirira pamodzi, china chidzathyola chinzake."

Misomali inatuluka ikudandaula.
Iwo anaika chikhatho pakati pa njerwa ndi thabwa,
zala zinayi,
chimodzi chachifupi, nsonga yake inatsala ku sowo
chaka chimene ine ndinkayamba sitandade wani.
"Ena ali ndi buku lawo la miyezo.
Ine ndimayamba ndi izi, n'kuwonjezako pang'ono."

Tinazungulira mbali zonse zinayi, mpata uli yasa.
Kumbuyo tochi inagwira mng'alu,
kamzere ka mwaye kakukwera ngati njira ya chiswe.
Apo sitinakhudze.
"Mayi, muitane mmisiri wa njerwa sabata lomwe lino.
Mpaka abwere, moto uwo muzimitse, muziotha mbaula pakhonde.
Ndipo masutikesi asadzadutse mzere uwu."
Ndinaupaka ndekha, ndi penti yofiira yotsala pa geti.

Tinatsika tili mbuu, ngati otuluka m'chigayo.
Mayi Namalomba anatipatsa tiyi ndi mbatata,
akuwerenga ndalama kawiri,
akudandaula za malo atayika pachabe pa chumunipo.
A Likaka sanayankhe, anali kuuzira tiyi.

Madzulo ku Chinamwali
ndinapeza bambo pakhonde, wailesi pamwendo.
Chikanganirane pa Isitala sitinalankhulane,
ine ndimalowera khomo la kuseri.
Ndinaima kanthawi, utuchi ukundiyabwa m'khosi.
Kenako ndinakoka mpando,
pafupi ndithu, koma osagundana ndi wawo.
Sanatembenuke.
Anangotsitsa wailesi pang'ono
n'kufunsa kuti paini akugula bwanji masiku ano.